Mwana wa matenda a mgonagona: achipatala amadziwa bwanji kuti lero zafika poipa? Mafunso ndi mayankho

Kholo la mwana wa sickle cell (matenda a magazi obadwa nawo), mphumu, khunyu, shuga, HIV, mtima kapena impso limaidziwa njira ya kuchipatala kuposa ya kumsika. Mwezi ndi mwezi mwana amakwera sikelo, amabayidwa pachala, adokotala amalemba manambala m'buku la kuchipatala n'kunena tsiku lobweranso. Makolo ambiri amatuluka m'chipindamo osadziwa kuti manambalawo anena zotani, ndipo kufunsa amachita manyazi poona mzere womwe uli panja. Mafunso awa ndi omwe amatsalira m'mitima ya makolo otere.

Mwana wanga amadwala chaka chonse. Ndiye achipatala akati "matenda akula" amatanthauza chiyani?

Mawuwa amanenedwa pa zinthu zosiyana, n'chifukwa chake amasokoneza. Nthawi zina dokotala amakhala akunena za lero lomweli: kodi mwanayu akupuma bwino, magazi akuyenda, akuzindikira? Nthawi zina amanena za miyezi yapitayi, ngati mankhwala akuwagonjetsa matendawo kapena ayi. Pena akunena za zomwe matenda amulanda mwana, monga sukulu, masewera ndi kukula kwa thupi. Mwana akhoza kukhala ndi matenda aakulu a mtima koma lero n'kukhala bwinobwino. Wina ali ndi mphumu yomwe aliyense amaiona ngati yaing'ono, koma usiku umodzi wokha n'kufika pa kayakaya.

Vuto lalikulu ndi lakuti miyeso yambiri ya kuchipatala inakonzedwa poganizira mwana yemwe dzulo anali wathanzi, lero wadwala malungo kapena chibayo. Mwana wa matenda a mgonagona sayambira pomwe anzake amayambira. Ali ndi mlingo wakewake wa masiku onse, ndipo nambala ya lero imakhala ndi tanthauzo pokhapokha ikayerekezedwa ndi mlingo umenewo. Amene amausunga mlingowu si makina ayi, ndi inu ndi buku lija.

Tikafika pachipatala, namwino amaona chiyani kuti ena awalowetse msanga, ena awasiye pa mzere?

Amatsata njira yotchedwa ETAT, ndipo mbiri yake ndi ya kwathu konkuno. Inakhwimira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anasintha kalandiridwe ka ana odwala mu 2001. Kale ana ankaonedwa potsata yemwe wafika koyamba, moti ena ankatsirizika ali kumsana kwa mayi awo pa benchi. Zinthu zitasintha, imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pakati pa 10 ndi 18 pa 100 alionse kufika pakati pa 6 ndi 8. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linasindikiza maphunziro a ETAT mu 2005, ndipo tsopano akugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri a mu Africa.

Namwino amayang'ana mwana kwa masekondi ochepa chabe. Ngati akubanika kwambiri, milomo yada, manja azizira ndipo akafinya chikhadabo magazi akutenga masekondi opitirira 3 kuti abwerere, ngati wakomoka, akuphupha, kapena watha madzi m'thupi chifukwa chotsekula m'mimba, ameneyo salinda n'komwe. Gulu lachiwiri ndi la ana oyenera kupita kutsogolo kwa mzere: khanda losakwana miyezi 2, mwana wotentha thupi kwambiri, woyera m'manja, wotupa mapazi onse awiri, wonyentchera, womva ululu waukulu, wopsa ndi moto, kapena wobwera ndi kalata yochokera kuchipatala china.

Mwaona kuti pa mndandandawu palibe pomwe palembedwa kuti "mwana wa sickle cell" kapena "mwana wa shuga". Namwino sangazione zimenezo pankhope. Nenani nokha pakhomo pomwepo, musanafunsidwe: "Anamwino, mwanayu ndi wa sickle cell ndipo watentha thupi kuyambira usiku." Kumeneko si kudumpha mzere mwachipongwe. Ulemu wokhala chete pa benchi wapweteketsa ana ambiri.

Ndingawerenge ndekha kapumidwe ka mwana kunyumba?

Eya, ndipo ndi muyeso waulere womwe umanena zambiri. Mwana akhale phee, asakhale akulira kapena kuyamwa. Muvuleni malaya, yang'anani pamimba, muwerenge kwa mphindi yathunthu pa wotchi ya pafoni. Khanda losakwana miyezi 2 likamapuma ka 60 kapena kuposa, ndiye kuti likupuma mofulumira. Kuyambira miyezi 2 mpaka 11 malire ake ndi 50, ndipo kuyambira chaka chimodzi mpaka zaka 5 ndi 40. Onaninso ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati pamene mwana akukoka mpweya.

Muwerengenso tsiku lomwe ali bwino, makamaka ali mtulo, n'kulemba. Mwana wa mtima yemwe amapuma ka 32 masiku onse, lero akupuma ka 39, sanadutse malire a m'buku koma wasintha, ndipo dokotala wanzeru adzafuna kumva zimenezo.

Kachipangizo kopana pachala kaja kamayeza chiyani?

Kamayeza kuchuluka kwa okosijeni m'magazi, komanso kugunda kwa mtima. Mwana wathanzi amakhala pa 95 kapena kuposa. Akatsika pansi pa 90, achipatala amamuika pa mpweya.

Pali ana ena obadwa ndi vuto la mtima lomwe limasakaniza magazi, omwe milomo ndi zala zawo zimakhala zodera nthawi zonse. Iwowa amatha kukhala pa 80 akusewera bwinobwino. Kwa mwana wotere 82 si ngozi, koma 68 ndi ngozi, pamene kwa mnzake wa mphumu 88 ndi ngozi kale. Kachipangizoka kamanamanso chala chikazizira kapena mwana akamagwedezeka, ndipo pa khungu lakuda kamatha kuonetsa nambala yokwererapo pang'ono kuposa yeniyeni. Choncho mwana akamaoneka kuti akubanika koma nambala ikuti 93, khulupirirani maso anu.

Mwana wanga wa sickle cell amupeza ndi magazi 7, koma sanamuike magazi. Kodi si kunyalanyaza kumeneku?

Funso ili limabwera ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo ndi womveka, chifukwa mayi wa pa bedi loyandikana nalo anamva kuti 7 ndi magazi ochepa kwambiri. Nambala imeneyi ndi ya Hb, chinthu chofiira cha m'magazi chonyamula okosijeni, yomwe imayezedwa m'magalamu. Mwana wopanda sickle cell amayenera kukhala pa 11 kapena kuposa. Ana ambiri a sickle cell amakhala pakati pa 6 ndi 9 moyo wawo wonse, ndipo thupi limazolowera. Ngati mwana wanu amakhala pa 7 nthawi zonse, lero wapezekanso pa 7, magazi ake sanatsike. Kumuika magazi popanda chifukwa kuli ndi zovuta zake: ayironi amaunjikana m'thupi, ndipo thupi limatha kuyamba kukana magazi a anthu ena, zomwe zimadzavutitsa tsiku lomwe magaziwo adzafunikedi.

Chomwe dokotala amafuna kudziwa ndi kutsika. Mwana yemwe amakhala pa 9 akapezeka pa 6.5 ali pa vuto lalikulu kuposa yemwe amakhala pa 7 n'kupezeka pa 6.5. Kutsika ndi magalamu 2 kapena kuposa kuchoka pa mlingo wake ndi chenjezo. Pa malangizo a WHO a ana onse, magazi amaikidwa Hb ikafika 4 kapena kutsikirapo, kapena ikakhala pakati pa 4 ndi 6 mwana akubanika, akufooka kapena mtima ukulephera. Ndiye ngati buku lakale latayika ndipo palibe akukumbukira nambala ya masiku onse, dokotala amagwira ntchito ngati munthu woyenda mumdima.

Palinso zina za sickle cell zomwe sizidikira nambala iliyonse. Kutentha thupi kofika madigiri 38 kumafuna chipatala tsiku lomwelo, ngakhale mwana akuseka, chifukwa kapamba wa ana amenewa amaleka msanga kugwira ntchito yake yosefa tizilombo, ndipo matenda a m'magazi amathamanga m'maola ochepa. Kapamba yemweyo, kwa ana aang'ono, amatha kutupa mwadzidzidzi n'kumeza magazi ambiri. Mwana amayera m'manja, amalefuka, mimba n'kukula kumanzere. Pemphani dokotala akuphunzitseni kumugwira kapambayu ndi kudziwa pomwe amalekezera masiku onse. Kupweteka pachifuwa kophatikiza kutsokomola ndi kupuma mofulumira n'koopsanso. Nanga mkono kapena mwendo ukafooka mbali imodzi, pakamwa kupotoka, mawu kulemera? Imeneyo ndi sitiroko, ndipo imagwira ndithu ana a sickle cell a zaka zochepa. Musayambe mwapita kwina kulikonse.

Mwana wanga ali ndi ulumali wa ubongo, salankhula ndipo sayenda. Dokotala adziwa bwanji kuti wakomoka kapena ndi mmene alili?

Poyeza kukomoka kwa ana aang'ono, zipatala zambiri za m'madera a malungo zimagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa Blantyre Coma Scale, womwe unasindikizidwa mu 1989 kuchokera pa ntchito ya Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo pa ana odwala malungo a mu ubongo ku Blantyre. Mwana amapatsidwa mapointi kuyambira 0 mpaka 5. Imodzi ndi ya maso, ngati akutsatira nkhope ya mayi ake. Ziwiri ndi za kulira kapena kulankhula koyenera akamva kuwawa, ndipo ziwiri zina ndi za mmene akusunthira dzanja kuti achotse chomwe chikumupweteka. Akapeza 2 kapena kucheperapo ndiye kuti wakomoka.

Mwana wa ulumali waukulu wa ubongo akhoza kupeza 3 ali bwinobwino kunyumba, chifukwa maso ake satsatira zinthu ndipo dzanja silifika pomwe akufuna. Apa dokotala alibe kochitira koma kufunsa inu. Musangoti "sali bwino". Nenani chenicheni chomwe chasowa: "Amamwetulira akamva mawu a mchemwali wake, kuyambira dzulo sakumwetulira." Kapena: "Amameza phala akamwetsedwa, lero likungotuluka."

Ulumali weniweniwo uli ndi muyeso wina, wa GMFCS, womwe akatswiri a ku yunivesite ya McMaster ku Canada anatulutsa mu 1997. Uli ndi magawo asanu, kuyambira mwana woyenda yekha popanda chovuta mpaka yemwe sangathe kudzutsa mutu kapena kukhala tsonga popanda womugwira. Gawo la mwana silisinthasintha kawirikawiri, ndipo silinena za nzeru zake. Limathandiza achipatala kudziwa zoyang'anira, monga chiuno chomwe chimatha kugwejemuka mwa ana a magawo omalizawo, kutsamwa pakudya ndi chibayo chobwerezabwereza.

Mu buku la mwana wanga analemba "stage 3" pamene ankayamba ma ARV. Pano ali bwino. Kodi akadali pa 3?

Magawo anayi a WHO amafotokoza matenda omwe mwana anali nawo atapezeka ndi HIV, mwachitsanzo chifuwa chachikulu cha m'mapapo chimamuika pa gawo lachitatu. Nambalayo ndi ya nthawi imeneyo. Mwana akayamba mankhwala, chomwe chimanena zoona ndi viral load, kutanthauza kuchuluka kwa tizilombo m'magazi. Imayezedwa patatha miyezi 6 chiyambireni mankhwala, kenako pa nthawi zomwe akliniki amakuuzani. Chofunika ndi chakuti tizilombo tisaoneke n'komwe pa makina. Tikapitirira 1,000, achipatala amakhala nanu pansi kuona ngati mankhwala akumwedwa tsiku lililonse, ndipo amayezanso patatha pafupifupi miyezi 3 asanaganize zosintha mankhwala.

Nthawi zambiri vuto silikhala la mankhwala. Limakhala lakuti mwana wakula koma akumwabe mlingo wa pamene anali ndi makilogalamu 9, kapena wapita kukakhala kwa agogo omwe sanauzidwe. Dziwaninso kuti WHO imawerengera mwana aliyense wa HIV wosakwana zaka 5 ngati wodwala kwambiri, kupatula yemwe wamwa mankhwala kupitirira chaka ndipo ali bwino, chifukwa ana aang'ono amatha kugwa msanga ngakhale akuoneka onenepa.

Mphumu imayezedwa bwanji, poti imabwera n'kupita?

Imayezedwa ndi mafunso okhudza masabata 4 apitawa. Kodi mwana wabanika masana kupitirira kawiri pa sabata? Wadzuka usiku chifukwa chotsokomola? Wapopera salbutamol, mankhwala otsegula chifuwa, kupitirira kawiri pa sabata? Wasiya mpira kapena fulaye chifukwa cha chifuwa? Mayankho onse akakhala ayi, mphumu yagonja. Eya akakwana atatu kapena anayi, mankhwala sakukwanira, kapena sakufika m'mapapo chifukwa cha kapoperedwe. Kwa ana osakwana zaka 6 malire ake ndi otsikirapo, kamodzi pa sabata.

Pa nthawi yomwe yamugwira, mvetserani kalankhulidwe. Mwana womaliza chiganizo ali bwinoko kuposa wotchula liwu limodzilimodzi. Ndipo chifuwa chomwe chimalira ngati kamwana ka mphaka chikangoti zii pamene mwana akubanikabe ndi kuwodzera, musati yapola. Mpweya wasiya kulowa.

Shuga wake timayeza m'mawa uliwonse ndipo amakhala bwino. Nanga bwanji adokotala akuti HbA1c yakwera?

Kuyeza kwa pachala kumanena za mphindi imeneyo yokha. HbA1c imanena za miyezi iwiri kapena itatu yapitayi, masana ndi usiku womwe, kuphatikizapo maola omwe mwana ali kusukulu akudya mandasi ndi mafilizesi. Cholinga cha ana ambiri ndi kukhala pansi pa 7 peresenti, koma kwathu kuno, komwe chakudya sichipezeka pa nthawi yofanana tsiku lililonse ndipo timapepala toyezera timatha, dokotala amatha kuika cholinga chokwererapo poopa kuti shuga angamatsike kwambiri. Mwana yemwe alinso ndi sickle cell kapena waikidwa magazi posachedwa, HbA1c yake siyodalirika.

Onetsetsani kuti makina anu akuwerenga m'njira iti, chifukwa ena amalemba 3.9 pomwe ena amalemba 70 pa shuga yemweyo. Pansi pa nambala imeneyi shuga watsika, mupatseni chotsekemera msanga. Shuga wokwera wophatikiza kusanza, kupweteka m'mimba ndi kupuma mozama ngati wathamanga ndi ngozi yofuna diripi ndi insulini kuchipatala. Ana ena otere amayamba apatsidwa mankhwala a malungo molakwika.

Za khunyu, dokotala amafuna kudziwa chiyani?

Kangati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo anamwa mankhwala kapena ayi. Chongani pa kalendala tsiku lililonse lomwe wagwa. Akagwa yang'anani wotchi, chifukwa mphindi imodzi ya mwana wako akuphupha imaoneka ngati ola. Zikapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, nyamukani. Ngati pali wina pafupi wokhala ndi foni, ajambule kanema. Amathandiza dokotala kuposa kufotokoza kulikonse.

Kusikelo amuyeza mkono ndi kalamba ka mitundu itatu. Mwana wanga vuto lake si njala, ndiye zikumukhudza bwanji?

Kalambako ndi ka ana a miyezi 6 mpaka 59. Pofiira ndi pansi pa masentimita 11.5, pachikasu ndi kuyambira 11.5 mpaka pansi pa 12.5, kuposa pamenepo ndi pobiriwira. Matenda a mgonagona amadya thupi ngakhale m'nyumba muli ufa. Khanda la vuto la mtima limatopa ndi kutuluka thukuta likamayamwa, n'kusiya bere lisanakhute. Mwana wa ulumali wa ubongo amatha ola kuti amalize kapu ya phala. Choncho mzere wa pa khadi la sikelo ukaima kapena kutsika kwa miyezi iwiri, kawirikawiri ndi chizindikiro choyamba chakuti matenda enieniwo akukula, ndipo chiponde chokha sichingathetse nkhaniyo.

Samalaninso ndi kunenepa konama. Mwana wa impso kapena mtima akawonjezera kilogalamu m'masiku atatu, amenewo ndi madzi. Dinani pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi 3. Pakatsala kadzenje ndiye kuti watupa. Wa impso amayambira kutupa m'zikope m'mawa.

Ululu ungayezedwe? Mwana wanga salira, ndiye amati sakumva kuwawa.

Mwana wozindikira amaonetsedwa zithunzi za nkhope n'kuloza yofanana ndi mmene akumvera, kapena amatchula nambala kuyambira 0 mpaka 10. Kwa khanda ndi mwana wosalankhula pali muyeso wa FLACC, womwe umayang'ana nkhope, miyendo, kusunthasuntha, kulira ndi ngati akutonthozeka.

Koma mwana yemwe wamva ululu kuyambira ali wakhanda amaphunzira kuusunga mkati. Amangogona chammbali, kuyang'ana khoma, osafuna kukhudzidwa. Kwathu timamuyamikira kuti ndi wolimba mtima, ndipo chifukwa cha kuyamikirako amapatsidwa panado pamene amafunika morphine, mankhwala amphamvu othetsa ululu. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe ana a sickle cell ndi a khansa amalakwiridwa kwambiri. Mwana akati 8, mulembe 8. Morphine woperekedwa pa mlingo woyenera samusandutsa mwana chidakwa cha mankhwala, ndiponso satanthauza kuti achipatala ataya mtima.

Akati impso zili pa gawo lachinayi, ndiye kuti basi?

Ayi. Magawo asanu a impso amanena kuchuluka kwa ntchito yosefa yomwe yatsala, ndipo lachisanu ndi pamene nambala ya eGFR, yoyeza kusefako, yatsika pansi pa 15. Sanena tsiku. Ana awiri a gawo limodzi akhoza kusiyana kwambiri, wina ali kusukulu, wina ali pa bedi. N'chifukwa chake madokotala a khansa ya ana amagwiritsanso ntchito muyeso wa Lansky wa 1987, womwe umangofunsa za kasewedwe: 100 ndi mwana wosewera ngati anzake, 50 ndi yemwe amagona nthawi yambiri koma amachita nawo timasewera tokhala pansi. Amene amayankha mafunsowa ndi kholo.

Timakhala kutali ndi Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Miyeso imeneyi tingaipeze kuti?

Kuwerenga kapumidwe, kalamba ka mkono, sikelo ndi kudina mapazi zimatheka pa chipatala chaching'ono chilichonse, ngakhale kwa mlangizi wa zaumoyo. Hb imayezedwa pa zipatala za maboma. Zovuta kupeza zinali monga kujambula mtima, HbA1c ndi chisamaliro cha sickle cell, zomwe kale zinkapezeka ku zipatala zikuluzikulu zokha. Ndondomeko ya PEN-Plus, yomwe mayiko a mu Africa a m'bungwe la WHO anavomereza ku Lomé, m'dziko la Togo, mu Ogasiti 2022, ikufuna kufikitsa chisamaliro cha shuga wa ana, sickle cell ndi matenda a mtima ku zipatala za maboma. M'Malawi boma la Neno ndi lomwe linatsogola, mothandizana ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo. Funsani pa chipatala cha boma lanu tsiku la kliniki ya matenda osapatsirana.

Ndipemphe dokotala alembe chiyani m'buku?

Tsiku lomwe mwana ali bwino, osati lomwe wadwala, pemphani kuti pa tsamba loyamba alembepo dzina la matenda, Hb ya masiku onse, nambala ya okosijeni ya masiku onse, kulemera kwake, pomwe kapamba amalekezera ngati ndi wa sickle cell, zomwe amatha kuchita yekha, ndi mankhwala ndi milingo yake. Buku likadzaza musalitaye. Lisokereni ku latsopano kapena mujambule masamba ake pafoni. Ngati mwana amasungidwa ndi agogo kapena azakhali masiku ena, iwonso adziwe pomwe bukulo limakhala, ndipo likhale m'jumbo ya pulasitiki chifukwa cha mvula ndi chiswe.